Wokukankhani njinga azilowa nanu kwa adokotala?

Esnart (Admin): Mwaswera bwanji nonse a Chikwawa ndi Nsanje. Lero tisiye kaye za Mtukula Pakhomo zija tatopa nazo, ndili ndi funso ndipo ndikufuna mayankho osapsatira. Inu amene mumayenda pa wilitcheya kapena kuberekedwa pa kabaza, mukafika kuchipatala munthu amene wakuperekezaniyo amalowa nanu mchipinda cha adokotala kapena amatsala panja? Ndafunsa dala chifukwa mtsikana wina wandiuza ku inbox kuti wakhala akutuluka chikazi chonunkha kuyambira nthawi yokolola mapira koma akulephera kunena poti womukankha ndi mlongo wake, ndipo amaima pompo kumbuyo manja ali pa zogwirira mpaka adokotala amalize. Nde iye amangoti mutu ukundiwawa, ampatsa panado, ulendo wakunyumba.

Zuze wa Kabaza: Kkkk a Admin mwayamba ndi moto lero. Koma inetu ndimalowa nawo achimwene anga, nanga ndiwasiye pakhomo akwawe okha? Masitepe a pakhonde paja ndimachita kuwanyamula

Esnart (Admin): Kuwanyamula palibe wakana a Zuze. Mukawakhazika pampando muzituluka basi

Zuze wa Kabaza: Nanga iwowo ali ndi chinsinsi chanji choti ine ndisamve, poti owasambitsa ndine ndemwe

Fatsani Ngabu: Apa a Zuze mwatchula vuto lenileni musakudziwa. Ifetu munthu akangotithandiza kusamba kapena kutikweza pa chimbudzi basi thupi lonse lasanduka la banja, aliyense ali ndi ufulu wolidziwa. Achimwene anuwo ndi bambo wamkulu, ali ndi ndevu zawo, mwina ali ndi chibwenzi chomwe inu simukuchidziwa. Mukuganiza angatchule chinzonono mng'ono wawo ali chilili pamenepo?

Zuze wa Kabaza: Chibwenzi?? Achimwene?? Kkkkkk aaa ayi man, iwo aja ndi a tchalitchi ndi wailesi basi

Fatsani Ngabu: Kusekako ndi komwe kukutipha

Sister Grace: Moni nonse. Ndiyankhe ngati namwino, ndipo sindiikira kumbuyo anzanga. Vuto limayambira kwa ife. Akalowa munthu wa pa njinga maso athu amathamangira kwa gadiyani, "akudwala chani awa?" ngati mwini wakeyo alibe pakamwa. Ndipo mafunso amene timafunsa wina aliyense, kuti munayezetsa liti magazi, mukulera, muli ndi bwenzi, kwa munthu waulumali timangowadumpha. Chonsecho malamulo a ntchito yathu ndi omveka, wodwala wamkulu amaonedwa payekha pokhapokha iye mwini atapempha kuti wina akhalepo. Mukalowa mungonena kuti "adokotala ndikufuna ndiyankhule nanu pandekha", wotulutsa gadiyaniyo akhale ife osati inu, kuti musakayambane kunyumba.

Esnart (Admin): Mawu omalizawo ndi amene ndimafuna Sister. Chifukwa ukamutulutsa wekha mlongo wako mawa akuuza kuti kankha wekha njingayo poti uli ndi zinsinsi

Madala Alufandika: Takhuta a Admin pa mutu umenewu. Ine ambiri mukundidziwa, mwendo wanga unatsala mkamwa mwa ng'ona mu Shire muno ndili mnyamata ndikuvuula ukonde. Ma ARV ndinayamba 2009 ndipo sindibisa, ana anga onse akudziwa, mai akunyumba nawonso akumwa. Koma ndikuuzeni za mmene ndinadziwira. Ndinadwala mashingozi, kenako chifuwa chosatha, kutsegula mmimba, thupi kutha, ndimapita kuchipatala china kuno ku East Bank koma palibe anaganizapo zondiyeza magazi. Amangoona ndodo zanga nkumafunsa za chitsa cha mwendo ngati chikutukusira. Anandiyeza ndi mnyamata wina wachilendo amene anabwera kudzagwirizira, anangondifunsa mwachindunji kuti madala munayezetsapo? Ndinachita kuseka ndekha kuti kodi funso limeneli lilipo ndi kwa ine.

Aphunzitsi Ben: Ndiponyepo manambala pang'ono paja mumati ndimakonda. Kalembera wa 2018 anapeza kuti pa anthu 100 aliwonse a zaka 5 kupita mtsogolo, pafupifupi 10 ali ndi ulumali wa mtundu wina. Kafukufuku wa MPHIA wa 2020 mpaka 2021 anapeza kuti 8.9 peresenti ya akuluakulu m'Malawi ali ndi kachilombo, amayi 10.5 abambo 7.1, ndipo chigawo chathu cha kummwera ndiye chili pamwamba. Ndiye tangoganizani, munthu mmodzi pa 10 aliwonse mukumudumpha pomufunsa, nkhondo imeneyi muipambana bwanji

Zuze wa Kabaza: Aphunzitsi mwabwera ndi choko kkk

Nyamiti: Ine sindimayankhulayankhula pagulu pano koma lero ndiyankhula. A Zuze mukuseka kuti achimwene anu sangakhale ndi chibwenzi. Ife akazi aulumali amuna amatifuna ndithu, kungoti amatifuna usiku. Ali ngati mvuu, kutuluka mdima ukagwa kudzadya m'dimba, kukamacha yabwerera m'madzi watsala ndi mapazi okha. Bambo wa mwana wanga woyamba ankabwera anthu atagona, kugogoda pawindo, mawu okoma, sopo, nthawi zina kansomba. Masana tikakumana pa mjigo kapena pamsika amayang'ana kumbali ngati sakundidziwa. Nditamuuza za kondomu anati "iwe ungakhale ndi matenda iwe, anakufunsirapo ndani", osaganiza kuti ine ndikuopa za iyeyo. Ndipo ndikamalimbikira amati uzithokoza kuti ndimabwera. Mimba itaoneka anakana kwamtuwagalu pamaso pa anyakwawa, anthu nkumaseka ine kuti ndikunamizira mwamuna wa mwini.

Mai a Tadala: Mxiii zomvetsa chisoni. Pepani asisi

Nyamiti: Ku sikelo nako anamwino ena anandilandira ndi mawu oti "ndani wakuchimwira chonchi, analibe chisoni?" pagulu pa azimayi onse. Ine mimbayo ndinkaifuna, mwana ndinkamufuna, chomwe sindinkafuna ndi bodza la bambo ake. Mwayi wake ku sikelo amayeza aliyense, nde ndi komwe ndinadziwira kuti ndilibe. Pakanapanda mimba sindikanayezedwa mpaka lero

Fatsani Ngabu: Zimenezi za "uzithokoza" ngakhale ife amuna timazimva. Koma kwa akazi zanyanya

Esnart (Admin): Ndipo tisanamizane, chimene chimapangitsa amuna kubwera usiku ndi makolo awo omwe. Kuno kwathu mkazi amamulowola, nde abale amakhala pansi nkumawerengera kuti ng'ombe zathu zipite chifukwa cha mkazi woti sangalime thonje, sangasenze ndowa, sangapite ku dimba kutsidya? Mnyamata ngakhale akukonde zenizeni amaopa kunyozedwa. Mapeto ake amakwatira wina wa masana iwe nkukhala wa usiku, ndipo wa usiku alibe mphamvu yonena kuti tiye tikayezetse limodzi, mupita limodzi bwanji poti sakufuna kuonedwa nawe pamsewu

Abusa a ku Tengani: Ndawerenga zonse ana anga ndipo mtima wandipweteka. Koma ndifunse, yankho lake ndi kugawa makondomu basi? Bwanji tiwalimbikitse ana athuwa kudzisunga mpaka Mulungu atawapatsa banja loyenera

Nyamiti: Abusa ndi ulemu wonse, mwadalitsapo maukwati angati a mkazi wa pa wilitcheya mu mpingo mwanumo?

Abusa a ku Tengani: Funso lanu ndalimva mwana wanga. Ndi ochepa kwambiri

Nyamiti: Nde tidikire mpaka liti. Ndipo ena sitichita kusankha, munthu amangokankha chitseko podziwa kuti sungathawe

Madala Alufandika: Abusa inu gwirani mbali ya makolo okaniza ana awo kukwatira aulumaliyo, mukailalikire pa guwa, imeneyo ndi yanu ndipo akakumverani. Za makondomu asiyireni a Sister

Abusa a ku Tengani: Pamenepo tagwirizana madala

Mai a Tadala: Mawu a asisi a Nyamiti oti munthu amangokankha chitseko andikhudza. Mwana wanga ali ndi zaka 16, anabadwa ndi vuto la ubongo lija loumitsa ziwalo, sayenda ndipo kuyankhula kwake timamva ndife a pakhomo basi. Ine ndikapita ku dimba ndimachoka mbandakucha kubwera dzuwa litapendeka, iye amatsala pakhonde. Usiku sindigona kuganiza kuti wina atamuchita chipongwe ndingadziwe bwanji, ndipo ndingatani

Sister Grace: Mai a Tadala mwafunsa chinthu chofunika, ndipo aliyense asunge uthenga uwu. Munthu akagwiriridwa pali mankhwala otchedwa PEP oteteza kuti kachilombo kasakhazikike mthupi. Ayenera kuyamba pasanathe maola 72, kutanthauza masiku atatu, koma kuyamba tsiku lomwelo ndiye kwabwino koposa, ndipo amamwa masiku 28 osadumphitsa. Ndi aulere mzipatala za boma. Palinso mapiritsi a pangozi oletsa mimba ndi mankhwala a matenda ena opatsirana pogonana, zonse zimaperekedwa nthawi imodzi. Cholakwika chimene ndimachiona kawirikawiri kuno nchakuti banja limayamba kaye kukhala pansi, kuitana ankhoswe, kupita kwa amfumu, kukambirana za mbuzi ya chipepeso, pofika kwa ife padutsa sabata. Thamangirani kuchipatala kaye, musadikire kalata ya kupolisi kuti mulandire mankhwala, ku Victim Support Unit mupita pambuyo kapena wina apite uku wina uku. Ngati nkotheka musamusambitse ndipo zovala musachape, muziike mu pepala kapena mu nsalu youma, ndi umboni.

Sister Grace: Za kudziwa kwake, inu ndi amene mumamusambitsa nde muziona, mabala, magazi osakhala a kumwezi, chikazi chachilendo, kulira kapena kuuma thupi akaona munthu wina wake. Ndipo muphunzitseni mayina a ziwalo zake ndi chizindikiro choti akuuzireni, ngakhale kuloza kokha. Ana amenewa amamva zambiri kuposa mmene timaganizira

Aphunzitsi Ben: Kuonjezera apo pali manambala aulere, 116 ya nkhanza kwa ana ndi 5600 ya nkhanza za pakati pa amuna ndi akazi. Pa za umoyo pali Chipatala Cha Pa Foni, 54747 pa Airtel. Imeneyi njabwino kwa ife oyenda movutika chifukwa umafunsa uli pamphasa pako popanda wokumvetsera

Mai a Tadala: Ndalemba pa chikuto cha buku lake la kuchipatala. Zikomo

Zuze wa Kabaza: Koma pali nkhani ina timaimva pa siteji, ati ukagona ndi mkazi wolumala kapena namwali matenda amachoka, ena amati ndi chizimba cha bizinesi. Ine sindikhulupirira koma anyamata amakamba

Sister Grace: Bodza lamkunkhuniza. Kachilombo sikachoka mthupi chifukwa chogona ndi wina aliyense, chomwe chimachitika nkupatsira mnzakoyo basi. Mukawamva pa siteji muziwatsutsa pompo a Zuze, inu amakumverani kuposa ine wa yunifolomu

Madala Alufandika: Ndipo kunoko tili ndi miyambo yathu ija tisaiiwale. Kupita kufa. Mwamuna akamwalira amati mkazi achotsedwe fumbi apo ayi mudzi udwala. Mkazi wa miyendo yake atha kuthawira kwawo kapena ku Blantyre, nanga wokwawa athawira kuti, amene amamupatsa nsima ndi omwewo akumuuza kuti alowe mnyumba ndi fisi

Aphunzitsi Ben: Zimenezo pano ndi mlandu madala. Gender Equality Act ya 2013 inaletsa miyambo yoika anthu pa chiopsezo, ndipo mukumbuka nkhani ya Eric Aniva wa ku Nsanje konkuno mu 2016, itatuluka pa BBC anamangidwa nkugamulidwa zaka ziwiri. Kenako lamulo la HIV la 2018 linatchulanso miyambo ngati kulowa kufa ndi fisi kuti njoletsedwa. Lamulo lomwelo limaletsa wachipatala kuulula zotsatira za magazi anu kwa munthu wina inu musanalole, gadiyani ali momwemo. Ndipo kuyambira zaka 13 munthu atha kuyezetsa payekha osadikira chilolezo cha makolo

Madala Alufandika: Lamulo lilipo aphunzitsi koma masiku ano zimachitika mwakachetechete, sakuitananso mudzi. Mafumu ambiri analetsa inde, ena amati mwambowo achite banja lina la pachibale mmalo mwa namfedwa, ena amangogwiritsa mankhwala azitsamba. Koma kumidzi ya mkati uko wakuona ndani

Fatsani Ngabu: Ndibwezeko nkhani ku za kondomu chifukwa pali zina zomwe pa msonkhano sanena. Ine ndinathyoka msana nditagwa pa lole ya thonje, kuchokera mchiuno kutsika sindimva kanthu. Nditatuluka ku Kachere ku Blantyre ndinabwera ndikudziwa kusamuka pa bedi kupita pa njinga, kudzitembenuza kuti ndisachite zilonda, zonsezo. Koma kumudzi kuno aliyense anangoti Fatsani zake zatha. Sizinathe, mkazi wanga alipo ndipo mwana wathu wachiwiri anabadwa ngozi itachitika kale. Chomwe ndikufuna anzanga a msana mudziwe ndi ichi, anthu ena amadziwa kuti atenga matenda chifukwa chomva kuwotcha pokodza kapena kuwawa, ife sitimva. Ukhoza kukhala ndi chilonda kumaliseche osadziwa. Ine ndili ndi kagalasi kakang'ono kometera ndevu kaja, posamba ndimadziyang'ana paliponse, kumatako ndi kutsogolo komwe

Sister Grace: A Fatsani mwaphunzitsa bwino kuposa ine. Ndionjezere kuti chilonda cha chindoko nthawi zambiri sichipweteka ngakhale kwa munthu amene amamva bwinobwino, chimapola chokha koma matenda ali mkati. Ndipo chilonda chilichonse kumaliseche chimatsegulira njira kachilombo. Mukaona chachilendo bwerani, ndipo bwenzi lanu lilandirenso mankhwala apo ayi muzingopatsirana

Esnart (Admin): Nanga amene manja awo ndi ofooka kapena ali ndi dzanja limodzi? Kapaketi ka Chishango kaja kung'amba kwake ndi ntchito, ena amaluma ndi mano

Sister Grace: Mano ayi chonde, mumaboola kondomuyo osadziwa, lumo kapena sizasi ayinso. Kapaketi kali ndi mbali ya manomano, kankhirani kondomu mbali ina nkung'ambira pamenepo. Ngati dzanja silikulola mnzanuyo ang'ambe ndi kukuvekani, palibe lamulo loti wovala ndi amene aziveka. Kwa amayi ilipo kondomu yachizimayi, ubwino wake mutha kuivala nthawi isanakwane muli phee osathamangitsidwa, koma kwa amene miyendo ndi youma kapena zala sizigwira bwino imavuta, bwerani tikuonetseni pa chidole tione kakhalidwe kamene kangakuyanjeni. Musadzoze Vaseline kapena mafuta ophikira pa kondomu ya abambo, imaphulika. Ndipo ndi kutentha kwathu kuno mwezi wa October mpaka madigiri 40 kupitirira, musasunge makondomu mkathumba ka kumbuyo kwa wilitcheya kamene kamakhala padzuwa tsiku lonse, mphira umafooka

Zuze wa Kabaza: Eee ine anga amakhala pansi pa mpando wa njinga yamoto pafupi ndi injini kkkk

Fatsani Ngabu: Amenewo katayeni lero lomwe man

Nyamiti: Sister nanga ngati mwamuna akukaniratu kondomu, ngati uja ndanena. Pali chomwe mkazi ungachite pawekha?

Sister Grace: Ilipo PrEP. Ndi piritsi limodzi tsiku lililonse kwa munthu amene alibe kachilombo koma ali pa chiopsezo. Timayamba takuyezani, mukayamba kumwa pamafunika masiku 7 kuti chitetezo chikhazikike, ndipo mumabwera kudzayezedwanso pakapita miyezi. Mwamunayo sayenera kudziwa kapena kuvomereza. Koma siiteteza mimba, chindoko kapena chinzonono. Funsani pa chipatala chanu ngati ilipo, ngati palibe akuuzani koyandikira. Kwa abambo mdulidwe wa kuchipatala umachepetsa chiopsezo ndi pafupifupi 60 peresenti, ndipo ulumali si chifukwa chokukanizirani

Nyamiti: Botolo lakelo ndi limene lingandivute, limafanana ndi la ma ARV, ndipo mnyumba mwathu katundu wanga aliyense amagwira poti amati akundikonzera

Esnart (Admin): Apa tabwereranso pa chinsinsi paja. Ine mankhwala anga olera ndimasunga mu kabokosi ka mashini osokera mmene mumakhala mabobini, ndimakiya ndekha, palibe amagwiramo poti amaopa kundisokonezera ulusi wa makasitomala. Aliyense apeze malo ake amodzi mnyumba oti ndi ake

Madala Alufandika: Za kusunga mankhwalazi mwandikumbutsa namondwe Freddy, March 2023. Madzi anabwera usiku, ine anandikweza pa bwato ndi kabudula yekha, ndodo imodzi inapita, buku la kuchipatala linapita, botolo la miyezi 6 lomwe ndinali nditangolandira linapita. Ku kampu tinagona mkalasi anthu osawerengeka. A zaumoyo atabwera anaima pabwalo nkukuwa kuti amene mumamwa mankhwala a tsiku ndi tsiku bwerani uku, mzere wake kutsidya kwa bwalo matope okhaokha. Ine poti sindibisa ndinatuma mdzukulu kuti akawaitane. Koma panali mayi wina wokwawa amene ndinkakumana naye ku kiliniki ya ma ARV, anangokhala chete pakona, kuti apite amayenera kupempha munthu amubereke ndipo kalasi yonse ikanadziwa kumene akupita. Ndinachita kumunong'oneza mlangizi wa zaumoyo kuti akafike pakona paja ngati akukaona mwendo

Madala Alufandika: Ndipo zimbudzi za pa kampu zinali kutali kumapeto kwa graundi kopanda magetsi. Atsikana aulumali amapita usiku pothawa maso a anthu. Enanu mukudziwa zomwe zimachitika pa ufa ndi mapepala a mayina, sindinena zambiri

Mai a Tadala: Zoona madala, ifenso nthawi ya namondwe Ana mu January 2022 zinali chimodzimodzi

Sister Grace: Poti mvula ikubwera ndinene. Buku la kuchipatala ndi mankhwala muzikulunga mu jumbo nkumanga, zikhale pamalo oti mutha kufikira muli pansi osati pa denga pomwe mpaka wina akutengereni. Nambala yanu ya ARV ilembeni mu foni kapena muiloweze pamtima. Zikakokoloka pitani pa chipatala chilichonse chopereka ma ARV mukafotokoze, akuthandizani ongoyembekezera, musakhale osamwa podikira kuti msewu wa kwanu utseguke. Ndipo amene mukumwa bwino mpaka tizilombo osaonekanso mmagazi simupatsira mnzanu pogonana, nde kusadumphitsako mukutetezanso wokondedwa wanu

Fatsani Ngabu: Nanga zija zodziyeza wekha zopaka mkamwa? Zimenezo zingatithandize ife ovutika mayendedwe

Sister Grace: OraQuick. Mumapaka ku nkhama za mmwamba ndi mmunsi, kuviika mu kabotolo, kudikira mphindi 20. Mzere umodzi mulibe, iwiri bwerani tidzatsimikize ndi magazi, musayambe kulira kapena kumwa mankhwala a mnzanu tisanatsimikize. Amene muli kale pa ma ARV musaigwiritse ntchito, itha kuonetsa mzere umodzi inu nkuganiza kuti mwachira nkusiya mankhwala, tawaonapo otere

Madala Alufandika: Makamaka akachokera ku mapemphero a usiku. Pepani abusa kkk

Abusa a ku Tengani: Kwathu timawauza kuti pempherani uku mukumwa, madala

Mai a Tadala: Sister funso lina, mwana wanga amamwa mankhwala a khunyu. Abale akundikakamiza kuti ndikamutseketse kapena kumuika kolera ka pamkono kuti zikachitika asatenge mimba

Sister Grace: Pali zinthu ziwiri apa. Choyamba mankhwala ena a khunyu monga phenobarbitone, carbamazepine ndi phenytoin amafooketsa mphamvu ya ka pamkono ndi mapiritsi olera, amasokonezanso ma ARV a masiku ano aja a TLD, nde aliyense womwa amenewa azinena kwa adokotala asanayambe china chilichonse. Chachiwiri, kutseketsa mwana wa zaka 16 chifukwa abale atero ayi, thupi ndi lake. Komanso taganizani, kolerako kamaletsa mimba yokha, wogwirira uja sikamuletsa, kachilombonso sikakaletsa, mwinanso mwamuchotsera chomwe chikanamuulula. Mphamvu zanu ziikeni pa woti azikhala naye mukapita ku dimba

Nyamiti: Mai a Tadala ngati muli cha ku Sorgin kuno muzimubweretsa kwathu masiku a ku dimba, ine ndimakhala pakhomo ndikuluka mphasa

Mai a Tadala: Ndili kutali pang'ono asisi koma ndikuimbirani madzulo

Aphunzitsi Ben: Zonsezi zikufunika zikafike kwa akuluakulu. Tili ndi lamulo latsopano la anthu aulumali la 2024 lomwe linalowa mmalo mwa lija la 2012, bungwe la boma loona za aulumali la MACOHA pano ndi MACODA, FEDOMA yomwe ndi mgwirizano wa mabungwe a aulumali ilipo. Malemu Rachel Kachaje anafika pokhala nduna ali pa wilitcheya, ankayankhula za amayi aulumali mpaka kunja. Ife tikulephera kulemba kalata imodzi kwa a DHO, mkulu wa zaumoyo m'boma lathu?

Esnart (Admin): Kalata tilemba aphunzitsi koma ine za makalata ndinatopa nazo, amalandira ndi manja awiri nkuika mu fayilo. Tiyambe ndi komiti ya pa chipatala chathu chaching'ono aliyense kwawo, anthu ake timawadziwa, ena timapemphera nawo. Tikapemphe zinthu zooneka. Gadiyani azidikira panja pokhapokha mwini atafuna. Bokosi la makondomu alitsitse, pena analikhomera pamwamba poti ine ndili pa njinga sindifikira mpaka ndipemphe mlonda anditengere, nde mlonda adziwe kuti telala lero ali ndi pulogalamu kkkk. Ndi bedi loyezera amayi lija

Nyamiti: Bedi limenelo!! Ine kuyezetsa khansa ya khomo la chiberekero ndinabwerera pakhomo, lalitali ngati thandala, anati tiitane amuna awiri akukwezeni, ine nditavula kale chitenje. Ndinati basi zikomo

Sister Grace: Ndipo kuyezako nkofunika kwambiri, Malawi ali mgulu la mayiko amene khansa imeneyi ikupha amayi ochuluka, ndipo mayi amene ali ndi kachilombo chiopsezo chake nchochuluka ka 6 kuposa amene alibe. Kuyeza kwake nkwa mphindi zochepa, timapaka viniga nkuyang'ana. Mabedi otsika ndi okwera mtengo sindikunamizani kuti abwera mawa. Koma muli ndi ufulu wopempha kuti okukwezani akhale amayi, ndipo akukwezeni musanavule. Kwa amene amayenda ndi ndodo kasitepe ka matabwa kokhala ndi chogwirira kangathandize kwambiri, kwathu kulibe

Fatsani Ngabu: Kasitepe nde ntchito yanga imeneyo, ndimakhoma mipando ndili pa njinga pomwepa. Mundiuze kutalika kwa bedilo kuchokera pansi, ndipanga ka masitepe awiri kotambalala kuti ndodo izikwanapo, ndi chogwirira mbali imodzi. Kamodzi koyamba ndikhoma ulere tione ngati kagwire ntchito

Sister Grace: Ndiyeza Lolemba ndi tepi ya ku sikelo ndikutumizirani. Koma ndiyambe ndawauza a in-charge, asadzaone katundu wachilendo mchipinda. Matabwa ndi misomali musonkherane nokha, ine ndilibe bajeti

Esnart (Admin): Amene angathe aponye kangachepe ku Airtel Money kapena Mpamba, nambala ndiika madzulo. Aphunzitsi inu yambani kalata ija, koma ikhale ya Chichewa ndipo isapitirire tsamba limodzi, tikudziwani

Aphunzitsi Ben: Tsamba limodzi ndi theka

Zuze wa Kabaza: Matabwa ndinyamula ine kuchoka pa Nchalo mpaka pa Ngabu, mungondiikira mafuta lita imodzi. A Fatsani mundiuze saizi yake ndisakagule zopindika